Anandifunsa Kamodzi

Lamulungu, 11 Malichi 2018

Tsiku la amayi kuno ku Leicester. Sinowo ya sabata yatha yasungunuka, yasiya matope ndi zinyalala m'misewu. Hazel wabwera kuchokera ku koleji ku Loughborough pa sitima ya m'mawa, maluwa a mu sitolo ali m'manja, kapepala ka mtengo osachotsa. Wadya, wagona pa sofa, wadzuka, watulutsa foni.

Zithunzi za ku Austria. Mapiri, msipu wobiriwira mpaka kumitambo, ng'ombe zovala mabelu m'khosi. Njira ya njinga zokhazokha, galimoto silowako. Akuti kale inali njanji. Mu Julaye akupita sabata yathunthu, iye, mnzake Sylvia, ndi amake Sylvia. Kugona m'tinyumba ta abusa a ng'ombe. Chithunzi chimodzi ndachiyang'ana nthawi yaitali. Tsangano weniweni nthawi ya dzinja, kungochotsa mabeluwo n'kuikapo minda ya kachewere.

Kenaka, m'Chingerezi chake chija: "Mum, tiyeni. Malo alipo anayi. Njinga muphunzira, nthawi ilipo."

Chimwalirire bambo ake palibe anandiitanapo kupita kulikonse, kupatula ku maliro ndi ku zopereka. Ndinayankha monga munthu woleredwa. Ayi mwanawe, ine ndingakakuchedwetseni, pitani ana. N'kukhala bwino pampando, kudikira kuti anenenso.

"Okay, mum." Foni m'thumba.

Basi. Okay mum.

Lachitatu, 14 Malichi

Shifiti yaitali. Wodi ya okalamba yodzaza, miyendo ngati si yanga. Pa nthawi ya tiyi ndayang'ana foni. Palibe.

Kwathu mlendo akati ndakhuta sumuchotsera mbale. Umati ingolawani. Akakananso, umati mwationa bwanji. Kachitatu ndiye amasamba m'manja, nonse n'kukhala ndi ulemu wanu. Wovomera ulendo woyamba ndi wadyera, amayi ankatero. A Bennet anandifunsira katatu pa msika wa Tsangano, ine ndikuwafuna kuyambira tsiku loyamba lomwe. Akanati okay, bwenzi Hazel kulibe.

Anenanso. Ali ndi mayeso, mutu uli pambiri.

Loweruka, 24 Malichi

Ndatsegula shedi koyamba chichokere a Bennet. Fungo la oilo ndi chinyezi. Jekete lawo la m'dimba likadali pa msomali. Njinga ya Hazel ya kusekondale ilipo, yapepo, matayala aphwa, akangaude amangamo mudzi.

Ine njinga ndimaidziwa chakumbuyo. Kukhala cham'mbali pa kaliyala, miyendo pamodzi, dzanja lina lagwira chitenje, lina lagwira lamba wa a Bennet. Kumsika, kutchalitchi, kusikelo. Abambo anga ankati mtsikana wopalasa njinga sakwatiwa. Ndinakwatiwa, ndaferedwa, njinga sindiidziwabe.

Ndapopa. Ndayesa m'kanjira ka kuseri, koika mabini a zinyalala. Mwendo wina m'mwamba, wina pansi, kenaka ine yense pa bini ya aneba. Chigongono chasupuka. Palibe wandiona, palibenso wandiseka. Mwina kusekedwa kukanakhala bwino.

Akadzafunsanso adzandipeze wokonzeka. Sindimuuza.

Lamulungu, 1 Epulo

Pasaka. Hazel sanabwere, ali kwa makolo a Sylvia. Akuti akukonza za ulendo. Nkhuku ndinagula yathunthu. Ndaduladula, ndaika mu firiji.

Lachiwiri, 10 Epulo

Ku paki ya Abbey. Gulu la amayi ophunzira njinga, chikwangwani ndinachiona ku laibulale. Ambiri ndi Amwenye a mu Belgrave muno, ena mipango ili m'kati mwa zisoti za njinga. Mphunzitsi ndi Naseem, wamfupi, waimvi, mawu ngati wogulitsa nsomba. Atamva kuti ndine wa ku Malawi anaomba m'manja. Anabadwira ku Limbe, anachokako ali kamtsikana. Chichewa chake n'cha pa kauntala ya sitolo ya bambo ake, aliyense ndi iwe. "Iwe ukuopa chiyani? Pansi si patali."

Wachotsa mapedulo onse awiri. Akuti ndiyambe ndadzikankha ndi mapazi. Namwino wathunthu, mayi wa mvano, kukhwekhwereza mapazi ngati bakha pamaso pa agalu a Azungu. Chishalo chandipweteka malo osatchula.

Kunyumba, tiyi, ndekha. Koma lero munthu wandikalipira m'chinenero changa. Ndasangalala, manyazi ndilibe.

Lamulungu, 22 Epulo

A Perpetua anadzera kuno pochokera kutchalitchi. Tinabwera chaka chimodzi ku dziko lino, iwo amagwira ku nyumba ya okalamba. Anaona chisoti pa chitseko cha khitchini, ndiye ndawauza zonse. Aseka mpaka kutsokomola. "Amake Hazel, mwana mwamulerera ku Leicester, mukufuna azimva za ku Ntcheu? Ingomufonelani, mumuuze kuti mwachenja maindi." Powonjezera shuga m'tiyi anatinso, "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Kunena n'kosavuta. Ine ndikadzipempherere kwa mwana wanga? Ndinatsika naye ndege ali kumbuyo pa chitenje, lero ndikamugwadire kuti andipatse malo?

Ndawaperekeza ku basi ya pa Melton Road, chikwama chawo chili kwa ine. Pa kona anati bwererani pano. Ndinati pang'ono pokha. Pa sitolo ya golide anatinso bwererani, mwafika patali, ndiye ndinawapatsa chikwama. Anthu amasiyana choncho. Woperekeza sabwerera yekha, amachita kumasulidwa. Hazel ali wamng'ono ndinkamukokera ku zimenezi akudandaula kuzizira. Lero amangoti bye ali pakhomo, chitseko n'kutseka yekha.

Lachinayi, 3 Meyi

Hazel waimba foni. Mayeso, nyumba ya chaka chamawa, makabudula a njinga okhala ndi siponji kumbuyo. Austria watchula yekha. Ndinati koma kumeneko n'kokongola. Anati eya. Ndinati ng'ombe zija zikundikumbutsa kwathu. Ndinatsegula khomo lonse, kungotsala kumukankhiramo.

Akuti adzandijambulira.

Bilu ya gasi yabwera. Ndaiika pansi pa mbale ya zipatso, ipume kaye.

Lachiwiri, 22 Meyi

Ndapalasa.

Naseem ali pa kusala kwa Ramadani, ngakhale madzi osamwa, koma akuthamanga pambuyo panga atagwira chishalo. "Maso kutsogolo, iwe. Ukayang'ana mtengo upita ku mtengo." Ine ndikumuuza kuti asasiye, asasiye, iye osayankha. Pocheuka, ali kutali uko, manja m'chiuno. Ndinagwa nthawi yomweyo. Koma ndinali nditachoka pa mlatho mpaka pa maluwa ndekha.

Mphepo kumaso. Zaka zonse zija pa kaliyala ndinkangoona msana wa a Bennet, mphepo ankaimwa okha osandiuza.

Ndinatulutsa foni ndikadali pa udzu. Ndiuze ndani? Hazel ayi. A Perpetua ali pa shifiti. Kumudzi angati ndapenga. Ndinauza a Bennet, chamumtima, ndikukankha njinga pobwerera. Akanaseka, akanati tsopano mundinyamule ine.

Loweruka, 2 Juni

Tchuthi cha sabata yachiwiri ya Julaye ndachipeza. Ndasinthana ndi mnzanga wa pa wodi, ine ndidzagwira Khirisimasi ndi Nyuwere. Wafunsa kuti ndikupita kuti. Ndati kumapiri ndi mwana wanga. Pakamwa pananena pokha.

Pasipoti ndaiyang'ana, ikadali bwino. Inayenda komaliza popita kukaika a Bennet.

M'mawa ndapalasa m'mbali mwa mtsinje wa Soar mpaka ku madamu a Watermead. Galimoto kulibe, vuto ndi agalu ndi ana. Belu ndikuliza ndikadali patali, anthu akupatuka ngati kukubwera ambulansi. Kachitunda ka pa mlatho ndatsika n'kukankha. Zitunda za ku Austria kaya n'zotani. Mwezi ulipo, ndilimba.

Zovala za ulendo sindinagule. Kungoyang'ana pa windo la sitolo. Jekete lina lachikasu.

Lamulungu, 17 Juni

Tsiku la abambo. Hazel watumiza chithunzi cha bambo ake ndi kamtima. Pambuyo pake chithunzi china, akuyeserera ulendo. Anthu anayi, njinga zinayi. Iye, Sylvia, ndi mayi wamtali wa kabudula amene ayenera kuti ndi amake Sylvia, dzanja lili paphewa la mwana wanga. Wachinayi mtsikana wa tsitsi lofiira. Ndafunsa kuti uyu ndani. Akuti mnzawo wa m'kalasi, anatenga malo otsala aja kalekale, mu Malichi momwemo.

Mu Malichi. Ine ndikugwera pa mabini, malo atapita kale.

Sindinaphike. Chisoti ndaponya m'shedi.

Lachiwiri, 26 Juni

Dzuwa ngati la Okutobala kwathu. Udzu wa m'mapaki wapsa, Azungu afiira. Ku njinga sindinapiteko sabata ziwiri. Ntchito, nyumba, ntchito.

Madzulo belu la pakhomo. Naseem, ndi masamusa m'pepala. Sanadikire kuti lowani. Ndamufotokozera, sanaseke. "Iwe unati ayi, iye anamva ayi. Ana a kuno amakhulupirira amayi awo." Mawu amenewo andilasa kuposa a Perpetua.

Akuti Loweruka gulu likupita ku Derbyshire, kumapiri, pa minibasi yokoka ngolo ya njinga, ndipite nawo. Ndinayamba kuti ayi, ine ndingaka... Anandidula. "Ine wa ku Limbe, ndifunsa katatu. Tiye, tiye, tiye. Yatha."

Loweruka, 30 Juni

Derbyshire. Nakonso njanji yakale anaisandutsa njira ya njinga, pamwamba pa mapiri. Mipanda ya miyala yosanja popanda simenti, nkhosa mbwee, ng'ombe zaunjikana pansi pa mtengo umodzi. Mabelu zilibe. Kamphepo kozizira ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ngati kwathu. Fumbi loyera. Tsiku lonse osagwa.

Amayi aja akuseka m'Chigujarati, kugawana zakudya pa udzu, ena abwera ndi ana awo aakazi. Andidyetsa, andijambula. Anthu abwino. Koma pena njira inalowa pakati pa matanthwe n'kutulukira pamwamba pa chigwa chachikulu, dziko lonse lili pansi, ndipo ndinacheuka kuti ndinene kuti taona. Kumbuyo kunali bambo wina wosamudziwa, akudikira ndimupatse njira.

Tchuthi chija sindinabweze. Ndikanena chiyani ku wodi?

Loweruka, 7 Julaye

Miyendo yakana. Ndikulemba chogona.

Dzulo masana Hazel anabwera pa njinga yake kuchokera ku Loughborough, kudzatenga pasipoti m'sutikesi yanga ndi kudzatsanzika. Ulendo unali wa lero m'mawa. Anapita ku shedi kukafuna pampu ya bambo ake. Anabwerako chisoti changa chili m'manja. Njinga yapepo anaiona, matayala olimba, tcheni chothira oilo, fumbi la ku Derbyshire likadali m'masipoko.

Ndinamuuza. Za Naseem, za mabini, ndi za tchuthi zomwe. Ndinati sunandifunsenso.

Sindinamuonepo atakwiya chotero. Chingerezi chothamanga, misozi ili m'masaya. Zimene ndinagwirapo: "Ndinakufunsani, munakana. Chimwalirire dadi mumakana chilichonse. Kudzandiona ayi, kukadya kunja ayi. Tsiku lija ndinalira m'sitima mpaka ku Loughborough." Ndinati kwathu munthu amafunsidwa katatu. Anati iye si mlendo, ndi mwana wanga. Ndinamuikira mandasi m'kabokisi, iye atatembenukira ku windo.

Kukwiya kulipo, koma munthu wa paulendo amaperekezedwa. Ndinavala chisoti, kutulutsa njinga. Kachikwama kake ndinamanga pa kaliyala yanga. Anandiyang'ana. Ndinati ndikufikitsa pa mlatho pokha.

Pa mlatho zii. Iye kutsogolo, ine pambuyo. Watermead tinadutsa. Ndikudikira kuti bwererani pano, mum. Zii. Ndinati mumtima, mwana uyu sadziwadi kanthu, ndi izinso ndichite kumuphunzitsa? Koma kubwerera ndekha osamasulidwa, ine ayi. Tiona amene ayambe kutopa.

Njira ya m'mbali mwa ngalande, yopapatiza, mizu, zitsamba zoyabwa m'miyendo. Maboti aataliatali, anthu akumwa mowa padenga. Madambo a ku Cossington, ng'ombe zaima m'madzi mpaka m'mawondo, zikutiyang'ana ngati zikudziwa kuti tayambana. Pa zipata iye ankatsegula, kudikira ndidutse, kutseka. Pa Mountsorrel anandipatsa botolo lake la madzi, maso ali kwina. Kutsogolo pang'ono anaima, anatulutsa kasipanala, anakweza chishalo changa. Bondo linasiya kuwawa pomwepo. Manja ake ndi a bambo ake, ndi kalumidwe ka mlomo komwe.

Pamene njira inakula anachepetsa liwiro, tinayenda moyandikana. Ndinkamva kupuma kwake, iye ankamva kwanga, kwanga ndiye kunkamveka mpaka tsidya.

Tinalowa mu Loughborough dzuwa litapendeka. Pa geti la nyumba yawo ndinatsika n'kumasula kachikwama. Ndinati mwanawe, kwathu woperekezedwa amati bwererani pano, mwafika patali. Ukanandipha.

Anayankha m'Chichewa. Hazel, amene Chichewa anachisiya ku nazale. Lilime lolemera, koma mawu ake. "Ndikudziwa, amama. Sindimafuna mubwerere."

Pobwerera ndinakwera sitima, njinga ndikuigwirira pafupi ndi chitseko. Njanji yomweyo imene iye analirapo mu Malichi. Nane ndinalira mpaka ku Leicester.

Lachitatu, 11 Julaye

Tchuthi. Nyumba zii. Makatani ndachapa, shedi ndasesa, palibenso chochapa. Iwo ali kumapiri, ine ku Belgrave, Khirisimasi ndidzakhala pa wodi. Zikuwawa, ndisaname.

Masana foni. Uthenga wa mawu, koma wopanda mawu a munthu. Mabelu okhaokha, ena pafupi, ena kutali, ndi mphepo. Ndaubwereza mpaka tiyi wazizira. Pansi pake walemba: "Chaka chamawa, ine ndi inu. Tiyeni."

Chala chinayamba chokha. Ayi mwanawe, ine ndingaka

Ndafufuta. Ndalemba kuti eya, n'kutumiza msanga ndisanakumbuke ulemu.